Duwa Loyanga la Mayi Loko

Pamzere wa nyumba zisanu ndi imodzi zoyang'ana kumsewu wafumbi, chitseko cha kumapeto ndicho chinali ndi maloko awiri. Mwini wake anthu ankangowatchula kuti Mayi Loko. Iwo ankalidziwa dzinalo, koma silinkawapweteka. "Aseke," ankatero. "Tsiku lodzaberedwa adzandikumbuka." Ankakhoma kabati, ankakhoma bafa la kuseri, ndipo shuga ankagona m'sutikesi. Makiyi onse anawamanga pa chingwe cha nsapato n'kuvala m'khosi, moti akamabwera unkayamba kuwamva usanawaone.

Sanabadwe otero. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi kochapira zovala pa chipatala china chachikulu, m'chipinda chotentha chomwe nthunzi inkatsika m'makoma ngati thukuta. Ankasankha mashiti, amagazi paokha, a ana paokha, kuwaponya m'makina, kuyanika, kusita, kupinda. Zala zawo zinasweka ndi mankhwala oyeretsera mpaka mphete anaivula. M'chaka chawo chachisanu ndi chitatu pantchitopo, mashiti khumi ndi awiri anasowa. Kapitawo anawaimitsa pageti nthawi yoweruka, n'kukhuthulira chikwama chawo pansi anzawo onse akuona: chipeso, mpango, kabuku ka nyimbo, ndi zovala zam'kati zomwe anatenga zosinthira. Shiti munalibe. Patatha masabata atatu mashiti aja anapezeka atagwera kuseri kwa makina oumitsira. Palibe amene anapepesa. Sabata yomweyo mayiwa anagula loko wawo woyamba, ndipo anasiya kukhulupirira munthu aliyense womwetulira popanda chifukwa.

M'chipinda chositira munali windo limodzi, ndipo pawindopo panali chitini cha penti momwe munamera duwa loyanga. Palibe ankadziwa amene analibzala. Uduwa wake ndi wa dzina lokha, chifukwa silituluka maluwa. Ndi masamba okhaokha, ooneka ngati mtima, obiriwira, okhala ndi mawanga achikasu ngati wina wawawazira penti. Nthunzi ya m'chipindamo inkalikomera, moti linayanga kutsata paipi mpaka kudenga. Mayi Loko ndiwo ankalithirira madzi otsala m'kapu yawo. Tsiku lopuma pantchito anapita kwa kapitawo watsopano, mayi waulemu wake, kukapempha nsonga ziwiri.

"Dulani, mayi. Zimenezo n'zopemphanso?"

"Mulembe papepala kuti mwandipatsa ndinu. Musainenso."

Kapitawoyo anaseka, koma ataona nkhope yawo analemba. Pepalalo analionetsa pageti ngakhale mlonda sanafunse.

Kunyumba anaika nsonga zija m'botolo la madzi pawindo la pabalaza. Patatha masabata awiri timizu toyera tinatuluka pamfundo, pomwe tsamba limagwirana ndi tsinde. Anadikira kuti mizu italike ngati chala, kenako anaboola ndowa yakale ndi msomali, kuyala timiyala pansi, n'kusakaniza dothi lakuda, mchenga ndi manyowa ouma. Ndowayo anaikhazika pamwamba pa kabati, pomwe kuwala kumafika koma dzuwa silimenya. Anali ataphunzira kale kuti dzuwa la masana limawaula masamba, pamene mdima umafufutitsa mawanga aja, tsamba n'kungokhala lobiriwira ngati la mbatata. Sankathirira mwachisawawa. Ankakwera pampando, kupisa chala m'dothi, ndipo chikatuluka chouma ndiye ankathira mpaka madzi adonthere m'mbale ya pansi. Loweruka lililonse ankapukuta tsamba limodzilimodzi ndi kansalu konyowa, n'kulitembenuza kuona ngati kuseri kwabisala tizilombo toyera tonga thonje. Akatipeza ankatisuka ndi madzi a sopo, uku akutikalipira ngati tili ndi makutu.

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi duwa linali litazungulira balaza lonse. Anakhoma misomali m'makoma n'kumangamo ulusi, ndipo nthambi zisanu ndi zinayi zinayanga pamenepo, ina pamwamba pa chitseko, ina kuzungulira kalendala, ina kutsikira kuseri kwa wailesi. Alendo ankalowa n'kuyang'ana m'mwamba, kukamwa kuli yasa. Akapempha kansonga, yankho linali limodzi: "Likadali laling'ono."

M'nyumbamo ankakhala anayi. Amuna awo anali dalaivala wa basi wopuma, munthu wa phee, yemwe tsiku lake linali kumvera wailesi, kupukuta nsapato ndi kupita kowongola miyendo. Mwana wawo wamwamuna ankawotcherera zitsulo kutauni, kuchoka m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka. Ndiye panali mpongozi, mkazi wa mwanayo, yemwe ankaluka anthu tsitsi pakhonde. Mpongoziyu analibe vuto lina kupatula kuti ankaseka kwambiri ndiponso anali ndi anzake ambiri, ndipo kwa Mayi Loko imeneyo inali milandu iwiri.

Loweruka lina m'mawa, akupukuta nthambi ya kuseri kwa wailesi, dzanja lawo linafika kumapeto msanga. Anayang'anitsitsa. Nsonga kunalibe. Panatsala tsinde lodulidwa bwinobwino, osati lothyoka, ndipo pachilondapo panali patauma kale. Anakhala pampando. Khoswe sadula mowongoka chonchi. Mphaka analibe. Limeneli linali lumo kapena sizasi, ndipo sizasi m'nyumbamo anali nayo munthu mmodzi.

Anatuluka pakhonde. Mpongozi anali ataweramira mutu wa kasitomala, chipeso chili kukamwa.

"Kodi makasitomala anuwa amalowa m'nyumba?"

Mpongozi anachotsa chipeso. "Ayi, amayi. Akafuna madzi akumwa ndimakatenga ndekha."

"Nanga sizasi yanu imagona kuti?"

"M'chikwama changa. Kwagwanji, amayi?"

"Palibe. Ndimangofuna kudziwa komwe zinthu zimagona."

Sanauze munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masana a tsikulo anawerenga masamba a nthambi iliyonse n'kulemba kuseri kwa kalendala, ndipo pa tsamba lachitatu kuchokera kunsonga iliyonse anamanga kaulusi kakuda kosaoneka msanga. Sabata inatha popanda kanthu. Lachisanu la sabata yachiwiri, pobwera kumsika, anapeza nthambi ya pachitseko yafupika. Kaulusi kanapita limodzi ndi masamba anayi.

Maganizo awo anathamangira kwa aneba a khomo lachitatu, omwe anthu ankawatchula kuti Make Mapasa. Mayi ameneyu anali atapempha duwalo katatu konse, ndipo kachitatuko ananena moseka kuti, "Mukamakana chonchi, tsiku lina ndidzangoba. Paja amati duwa lakuba ndilo limagwira." Mawu otere Mayi Loko sankawataya. Tsiku lomwelo ananyamuka ndi kapu kukapempha mchere, iwo amene chikhalire pamzerepo sanapemphepo kanthu kwa munthu. Make Mapasa anadabwa mpaka kuiwala moni. Ali kukhitchini kotapa mchere, mlendo uja maso anali mwazumwazu: pawindo, pansi pa tebulo, kuseri kwa katani. Anapemphanso madzi osamba m'manja, n'cholinga choti aone kuseri kwa nyumba. Kumeneko anangopeza matewera pachingwe ndi chitini cha anyezi. Anabwerera ndi mchere womwe sankaufuna, ndipo sanauthire m'ndiwo, poti sankadziwa kuti wadutsa m'manja mwa yani.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, masamba a kufupi ndi ndowa anayamba kuchita chikasu n'kumayoyoka okha. Anakwera pampando, kupisa chala. Dothi linali matope, ndipo linkanunkha ngati ngalande. Iwo anali atatha masiku asanu ndi atatu osathirira. Anatsika pang'onopang'ono, n'kudikira mpaka Lamulungu m'mawa, nthawi ya tiyi, pomwe onse anali patebulo.

"M'nyumba muno wina akuthira zinthu m'duwa langa."

Mwana wawo anasiya kutafuna buledi. Mpongozi anayang'ana pansi, kenako anati, "Ndine, amayi. Koma madzi chabe. Ndinaona kuti masiku ano mumangoliyang'ana, nkhope ili ndwii, ndiye ndinati mwina likufota, ndikuthandizeni."

"Madzi anji?"

"A pampopi."

"Kangati?"

"Tsiku lililonse, mukapita kosamba."

"Tsiku lililonse! Mukuyesa ndi mpunga umenewu? Mwaoletsa mizu." Anapumira pang'ono, kenako anaponya limene linali kumtima. "Ndiye ngati mumakwera pampando ine kulibe, chingakuletseni n'chiyani kukwera ndi sizasi? Nsonga ziwiri zadulidwa. Mwagulitsa kwa ndani, kapena mwapatsa mnzanu uti?"

Mpongozi anaika kapu pansi, misozi ili lengelenge. Anadzuka, kukatenga chikwama chake, n'kuchikhuthula yekha patebulo pakati pa makapu: zipeso, sizasi, mafuta, ulusi wa tsitsi, kagalasi kosweka pakona.

"Sechani, amayi. Kuchipindanso n'kotsegula."

Mayi Loko anayang'ana zinthuzo. Ankadziwa bwino momwe munthu amamvera katundu wake akamwazika pamaso pa anthu. Koma mawu anali atatuluka kale, ndipo iwo sanazolowere kuwabweza.

"Amayi, zimenezi zafika patali," anatero mwana wawo. "Nkhani ya masamba mpaka kuliza munthu?"

Amuna awo anangoyang'ana m'kapu. Kenako anadzuka, akuti akukaona ngati kukubwera mvula. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe.

M'mawa mwake Mayi Loko anatsitsa ndowa ija mosamala kuti nthambi zisaduke, n'kukhuthulira dothi lonse pathumba. Mizu ina inali yofiirira, yofewa, yongosupuka ukaigwira. Imeneyo anaidula n'kusiya yoyera yolimba, kenako anabzalanso m'dothi latsopano lochuluka mchenga. Ntchitoyo inawatengera theka la tsiku, ndipo palibe amene anabwera kudzawagwirira mpando. Masana omwewo mpongozi analongedza tizovala, akuti akukaona makolo ake kwa sabata imodzi. Pakhonde panangoti zii.

Lachinayi nsonga yachitatu inadulidwa.

Apa ndiye Mayi Loko anakhala pansi n'kuyamba kuchotsera. Mpongozi kunalibe. Mwana anachoka m'mawa iwo akuona. Make Mapasa sanaponde pakhomo. Iwo anangotuluka kanthawi kochepa kukagula sopo, ndipo m'nyumba munatsala munthu mmodzi, akupukuta nsapato. Anamuyang'ana munthuyo tsiku lonse ngati akumuona koyamba. Nkhalamba yopuma pantchito, nsapato zowala zimenezi ikuwalitsira ndani? Miyendo yake yopindika bwanji yoti aziiwongola maola anayi? Anakumbukiranso kuti mwezi wathawu anagula yekha mafuta onunkhira, chinthu chomwe sanachitepo chikwatirane.

Anadikira sabata ina. Mpongozi anatumiza uthenga woti achedwerako. Lachitatu m'mawa Mayi Loko anavala, kutenga kabuku ka kuchipatala, n'kunena kuti akukayezetsa kuthamanga kwa magazi, abwera masana. Anatuluka pamsewu, kuzungulira kuseri kwa mzere, n'kukaima pambali pa windo la pabalaza, makiyi atawafumbata kuti asalire. Sipanapite nthawi. Amuna awo anazimitsa wailesi, kusuzumira pakhomo, kenako kutulutsa lumo m'thumba la malaya. Ananyanyamphira, n'kudula nsonga ya pakalendala. Anaikulunga m'nyuzipepala yonyowa, kuika m'jumbo, kuvala nsapato zija, ulendo.

Mayi Loko anawatsatira chapatali. Anadutsa pamsika, kudutsa pagalaja pomwe magalimoto akufa anaunjikana, kuwoloka kamlatho ka matabwa. Bambowo sanacheuke ngakhale kamodzi, ankayenda ngati munthu wodziwa mwala uliwonse wa njirayo. M'mutu mwa mkazi wawo munali mutamangidwa kale nyumba yonse: mayi wonenepa, woyera, wa mano otalikirana, akulandira masamba awo n'kumaseka. Mawu oti akanene anawakonza, kuwasula, kuwanola. Patatha pafupifupi ola, bambowo analowa pageti la malata, kudutsa nyumba yaikulu, n'kukafika pa kachipinda ka kuseri. Pachingwe panali nsalu ndi diresi. Analowa osaodira.

Kusaodirako ndiko kunawapsetsa mtima Mayi Loko koposa. Anawerenga mpaka khumi, n'kukankha chitseko.

M'chipindamo munali bedi limodzi, mpando, ndi shelefu. Pabedipo panagona mayi wowonda, tsitsi lotuwa, pakamwa patakhotera kumanja, dzanja lamanja lili gone pabulangete ngati si lake. Amuna awo anali ataima pawindo, jumbo ili m'manja. Mayi Loko anatsegula pakamwa kuti ayambe, koma maso a wodwalayo anawagwira. Anali maso a mayi awo omwe anawabala. Amene anagona apoyo anali mng'ono wawo, wobadwa nawo bere limodzi.

Anali asanaonane zaka zisanu ndi zinayi. Mayi awo atamwalira, wotchi ya pamkono ya malemuyo inasowa, ndipo Mayi Loko anatsegula chikwama cha mng'ono wawoyo pamaso pa anthu obwera kudzalira. Wotchi munalibe. Mng'onoyo anatola zinthu zake chimodzichimodzi, n'kunena kuti, "Achemwali, mwandikwirira limodzi ndi amayi." Chichokere tsikulo sanalankhulanenso, ndipo dzina lake silinkatchulidwa m'nyumba ya maloko awiri ija.

"Khalani pansi, mayi," anatero amuna awo.

"Ndiima. Nenani."

Ananena. Miyezi isanu yapitayo anakumana ndi mwana wamkazi wa mlamu wawoyo pamalo okwerera basi. Ndiye amene anawauza kuti mayi ake anagwa pochapa, mbali imodzi n'kufa ziwalo, lilime n'kulemera. Mwanayo amagulitsa m'sitolo, amachoka m'mawa n'kubwera madzulo, ndipo tsiku lonse wodwala amakhala yekha. Bambowo anayamba kubwera kudzamutembenuza, kumumwetsa tiyi, kumupaka mafuta kumsana kuti asachite zilonda, ndi kumuuza nkhani za m'wailesi.

"Mafuta aja ndi amenewo," anatero, akuloza pashelefu. "Alamu anandiletsa kuti ndisakuuzeni. Anagwira dzanja langa mpaka ndinalonjeza."

"Nanga duwa langa likulowapo bwanji?"

"Taonani khomali. Munthu aziyang'ana pamenepa kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Tsiku lina nkhani zinandithera, ndiye ndinawauza za duwa lanu, momwe lazungulirira nyumba. Anati akufuna kuliona."

"Bwanji osandipempha?"

"Ndikanati ndikupita nalo kuti? Inu mukanandifunsa mafunso mpaka ndiulule ndi za agogo anga omwe."

"Ndiye munalola mwana wa eni ake alire patebulo, inu n'kupita kokaona mvula?"

Bambowo anaweramitsa mutu. "Pamenepo ndinalakwa. Ndinachita mantha."

Mayi Loko anasowa koyang'ana. Kubedi sakanatha. Maso awo anagwera pawindo, pomwe panali mabotolo atatu a mafuta ophikira, madzi ake otuwa, ndipo m'kati mwake munali masamba akuda, olendewera, ena atasungunuka kale. Dzuwa linkawamenya mwachindunji. Anasendera pafupi, kunyamula botolo limodzi, kulinunkhiza.

"Tsinde lili kuti?"

"Ndinkataya. Ndinkathothola masamba n'kuika m'madzi, ngati mmene amaikira maluwa. Ndiye amangofa. N'chifukwa chake ndinkadulanso."

"Zaka zonsezi mumaona ndikuchita chiyani? Tsamba lokha silimera. Mizu imatuluka pamfundo. Botolo simunatsuke, mafuta ali yandeyande, madzi simusintha, ndiye mwaika padzuwa ngati mukuyanika chimanga. Bweretsani jumboyo musanaphenso ina."

Anatuluka ndi mabotolo, kukataya zoolazo kudzala, n'kutsuka limodzi ndi sopo ndi mchenga mpaka linayera. Anathiramo madzi abwino. Nsonga ija anaichotsa tsamba la m'munsi, kumiza mfundo ziwiri, masamba atatu n'kutsala pamwamba. Botololo analiika pashelefu, pomwe kuwala kunkafika koma dzuwa ayi, ndipo analitembenuza kuti masamba ayang'ane kubedi. Ntchito inatha, ndipo panalibenso china chobisalirako.

Mng'ono wawo ankawayang'anabe. Anadzutsa dzanja lamanzere, n'kuloza pansi pa bedi, pomwe panali chikwama chakuda. Milomo inalimbana kanthawi mawu asanatuluke.

"Se... cha... ni."

Amuna awo anatuluka panja mwakachetechete. Mayi Loko anakhala pamphepete pa bedi. Dzanja lawo linagwa pashiti, ndipo mwa chizolowezi cha ntchito linazindikira msanga kuti ndi yonyowa ndiponso yakwinyika pansi pa msana.

"Wotchi ija sinapezeke mpaka lero," anatero, akuyang'ana khoma. "Ndinganame kuti ndikudziwa amene anatenga. Sindikudziwa. Koma chikwama chako sindinayenera kutsegula. Ndinakuchititsa manyazi pamaliro a amayi athu. Ndinalakwa."

Wodwalayo sananene kuti wakhululuka. Anatseka maso, msozi n'kutsikira kukhutu. Mayi Loko anadikira, ndipo ataona kuti yankho silibwera, anaimirira n'kupinda manja a bulauzi.

"Shiti iyi ikupatsa zilonda. Ina ili kuti?"

Dzanja lamanzere linaloza katoni pakona. Anamutembenuzira kukhoma monga ankaonera anamwino akuchita, kukulunga shiti yonyowa mpaka pakati, kuyala youma, kumubwezera mbali inayo, n'kukoka mpaka khwinya lonse linatha. Thupilo linali lopepuka ngati la mwana. Anachapa shiti yonyowa ija pampopi wa panja, n'kuiyanika.

Mpongozi anabwerako Lamulungu. Mayi Loko anadikira kuti onse akhale patebulo, kenako anati, "Bambo, nenani zija." Bambowo anaulula zonse, thukuta lili kamukamu. Atatha, mkazi wawo anatembenukira kwa mpongozi.

"Madzi munathiradi, ndipo mizu inaola. Koma za sizasi ndinakunamizirani. Mundikhululukire, mwana wanga."

Mpongozi anati, "Ndamva, amayi," basi. Makasitomala ake ankawalukira kwa mnzake kwa mwezi wathunthu, ndipo pamene anabwerera pakhonde, kuseka kwake kunayamba kwapansipansi. Ndowa ya pakabati sanaiyandikirenso. Make Mapasa atamva nkhaniyo, poti pamzere nkhani sigona, anabwera ndi kapu yake kudzapempha mchere, n'kumayang'ana dala pansi pa mipando mpaka Mayi Loko anati, "Chabwino, ndamva. Khalani pansi mumwe tiyi."

Nsonga ya pashelefu inatulutsa mizu sabata yachitatu. Anaibzala m'chitini chobooledwa, n'kukhoma misomali pakhoma loyang'anana ndi bedi. Mwini nyumba anabwera kudzadandaula za khoma lake, koma atakumana ndi nkhope ya Mayi Loko anangofunsa za odwala n'kubwerera. Kuyambira pamenepo ankapitako Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Kansalu konyowa ankakapereka kwa mng'ono wawo kuti azipukuta yekha masamba ndi dzanja lamanzere, ndipo kenako anayamba kumukakamiza kuti lamanja ligwireko tsinde. Dzanjalo silinachire kwenikweni, koma zala ziwiri zinayamba kupinda. Lilime ndilo linamasuka msanga, ndipo litangomasuka anayamba kukangana: za amene anatentha khitchini ali ana, za amene mayi awo ankamukondera, za kuchuluka kwa shuga m'tiyi. Za chikwama sanazitchulenso, ndipo mawu oti ndakhululuka sanamveke. Koma tsiku lina Mayi Loko atachedwa ndi mvula, anapeza mng'ono wawo atakana kudya, maso ali kuchitseko.

Mtima wokayikira sunawachoke. Mapilitsi a wodwala ankawawerenga pofika ndi pochoka. Mnyamata wofuna kukwatira mwana wa mng'ono wawo anamufunsa mafunso mpaka tiyi anamuzizirira m'manja. Sopo wochapira ankabwera naye n'kubwerera naye.

Lachisanu lina akubwerera kunyumba, iwo patsogolo, amuna awo pambuyo atasenza mtolo wa mashiti okachapa, anaima pakati pa kamlatho ka matabwa n'kutembenuka.

"Bambo, miyezi isanu yathunthu mumabwera kuno ine osadziwa."

"Zimenezo tinakambirana kale, mayi."

"Tinakambirana za kuno. Lachiwiri ndi Lachinayi mumapita kuti?"

"Kumsika, kukacheza ndi anzanga a basi."

"Anzanu ati? Atchuleni."

Bambowo anasintha mtolo kuuika paphewa lina, n'kuyamba kutchula mmodzimmodzi, uku akuyenda.